Land Cruiser ya Nyuwani, Yoyendapo Kale, Kapena Fortuner: Kusankha Galimoto Yaikulu ku Salima ndi Nkhotakota

Munthu wa ku Salima kapena Nkhotakota akamalakalaka galimoto yaikulu, nthawi zambiri ndi misewu imene imamukakamiza. Mukangosiya tala wa M5 kulowera kunyanja mumakumana ndi mchenga wotitimira. Kumadambo a mpunga kuli makande amene mvula ikagwa amagwira tayala ngati ulimbo, ndipo mitsinje ya Linthipe, Bua ndi Dwangwa ikadzaza, timisewu tapafupi timasanduka ngalande. Komabe m'pofunika kufunsa bwinobwino ngati mavuto amenewa akufunikadi Land Cruiser 300 kapena Nissan Patrol ya nyuwani, kapena pali galimoto ina imene ingakufikitseni komweko ndalama zina zitatsala m'thumba.

Zoyenera kuyeza musanayang'ane dzina la galimoto

Yambani ndi msewu umene mumayendamo masiku ambiri. Tengani kope mulembe maulendo anu a miyezi itatu yapitayi. Ngati ochuluka ndi a pa M14 kupita ku Lilongwe, kapena a pa M5 pakati pa Kamuzu Road, Benga ndi pa boma la Nkhotakota, ndiye kuti mukufuna galimoto ya patala imene nthawi zina idzalowa m'matope. Ngati sabata iliyonse mumalowa m'minda, m'madoko a asodzi kapena m'midzi ya kufupi ndi nkhalango, nkhani ndi ina. M14 nawo uli ndi zake. Mumachoka kunyanja, pa mamita pafupifupi 500 pamwamba pa nyanja yamchere, n'kukwera mapiri a Dowa mpaka kupitirira mamita 1,000. Pobwerera, galimoto ya matani awiri ndi theka imafuna kutsika ndi giya yotsika, apo ayi mabuleki amatentha n'kuyamba kufooka musanafike kuchigwa.

Chachiwiri ndi ndalama za chaka chonse. Mtengo wa tsiku logula ndi chiyambi chabe. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 25,000 pachaka. Galimoto yoyenda makilomita 6 pa lita idzamwa malita pafupifupi 4,200. Ya makilomita 8 pa lita idzamwa 3,100, pamene ya makilomita 11 pa lita idzamwa 2,300. Chulukitsani ndi mtengo umene MERA yalengeza, muwonjezerepo inshulansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), sevisi ndi matayala. Chiwerengero chimenecho ndicho chikuuzeni ngati galimotoyo mungaikwanitse.

Chachitatu ndi kusowa kwa mafuta, komwe takhala tikukuona mobwerezabwereza zaka zapitazi. Ambiri amaganiza kuti thanki yaikulu ndiye yankho, koma werengerani. Patrol ya malita 140 pa makilomita 6 imayenda pafupifupi 840. Land Cruiser 300 ya malita 110 pa makilomita 8 imayenda 880. Fortuner ya malita 80 pa makilomita 11 imayendanso 880. Mtunda ndi umodzimodzi. Kusiyana kumaoneka tsiku limene pamalo omwetsera mafuta akupimira aliyense malita 20: wa Fortuner apita ku Lilongwe n'kubwerako, wa Patrol angofika kokha.

Chachinayi ndi mtunda wokafika kwa makaniko amene amaidziwa galimotoyo. Amakaniko a pa Kamuzu Road, Nkhotakota ndi Dwangwa amadziwa bwino Hilux ndi Land Cruiser zakale. Galimoto yofuna kompyuta yapadera imapita ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima ndiponso pafupifupi 200 kuchokera ku Nkhotakota, ndipo ikakana kulira imapita itanyamulidwa palole.

Chomaliza ndi katundu, ndipo apa m'pamene ambiri amanamizidwa ndi maonekedwe. Galimoto zazikuluzi n'zolemera kale pazokha, choncho zimene zimaloledwa kunyamula nthawi zambiri zimakhala pakati pa makilogalamu 600 ndi 700, kuphatikizapo anthu. Akuluakulu asanu ndi awiri a makilogalamu 75 aliyense atenga kale 525. Patsala malo a matumba a mpunga osapitirira atatu, ndipo mipando yam'mbuyo ikatambasulidwa ngakhale matumbawo amasowa pokhala. Amene akufuna zonyamulira mpunga, chimanga kapena usipa ayang'ane bokosibode, galimoto yokhala ndi malo a katundu kumbuyo ngati Hilux.

Njira yoyamba: yaikulu ya nyuwani, Land Cruiser 300 kapena Nissan Patrol

*Mtengo.* Tikukamba za mamiliyoni mazanamazana a kwacha, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25% mu May 2022 ndiponso ndi 44% mu November 2023, mitengo ya galimoto zotere idadumpha nthawi yomweyo. Choncho musanapereke dipoziti, pepala la mgwirizano linene momveka ngati mtengo watsekedwa m'makwacha kapena udzawerengedwanso tsiku limene galimoto idzafike. Msonkho wa MRA umakwera molingana ndi kukula kwa injini, ndipo zonse ziwirizi zili pamwamba pa 3,000cc: Land Cruiser 300 ili ndi V6 ya dizilo ya malita 3.3 kapena ya petulo ya 3.5, pamene Patrol Y62 ili ndi V8 ya petulo ya 5.6.

Ngongole ya kubanki ndiyo imapweteka kwambiri. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26%, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Mwachitsanzo, K100 miliyoni yobwereka pa 30% kwa zaka zinayi imafuna pafupifupi K3.6 miliyoni mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza K173 miliyoni. Galimoto ya nyuwani ya gulu limeneli imaposa K100 miliyoni kangapo. Bizinesi imene phindu lake limabwera nyengo yokolola yokha singapirire malipiro otere miyezi ya njala.

*Kupezeka.* Ku Salima ndi Nkhotakota kulibe wogulitsa. Toyota ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, koma kupeza mtundu umene mukufuna kungatenge miyezi, makamaka ndalama zakunja zikamasowa. Ena amakagula okha ku South Africa. Akatero afunse kaye ngati chitsimikizo cha kampani chidzagwira ntchito kuno. Za ku Dubai zambiri zimakhala ndi chiwongolero kumanzere, zomwe zimavuta kwambiri popitirira lole ya nzimbe pamsewu wopapatiza.

*Kusamalira.* Ubwino weniweni wa nyuwani uli pano. Mukudziwa mbiri yake kuyambira kilomita yoyamba, palibe amene adaiyendetsa yopanda oyilo, ndipo kwa zaka zoyamba, kawirikawiri zitatu kapena makilomita 100,000, cholakwika cha kufakitale chimakonzedwa ndi wogulitsa. Injini ya dizilo ya Land Cruiser 300 imapereka 227 kW ndi 700 Nm kudzera mu giyabokosi ya magiya 10, ndipo imakoka ngolo ya makilogalamu 3,500 yokhala ndi mabuleki ake. Wokoka boti lalikulu kuchokera ku Senga Bay kukwera nalo mapiri a Mvera amaona phindu lake.

Koma chitsimikizocho chimafuna kuti sevisi iliyonse ichitikire kwa wogulitsa, m'nthawi yake. Kwa wa ku Dwangwa limenelo ndi tsiku lathunthu ndi thanki pafupifupi theka. M'fumbi la August mpaka November fyuluta ya mpweya imafuna kuonedwa pafupipafupi, ndipo nkhungu, tizilombo touluka tija, zikatuluka panyanja zimamatirira pa radiyeta, mpweya n'kulephera kudutsa. Tsukani ndi madzi opanda mphamvu kuchokera mkati kupita kunja, chifukwa madzi amphamvu amapinda timapepala ta radiyeta. Posankha mtundu, tengani wa malimu a mainchesi 18 okhala ndi tayala la 265/65 R18. Malimu a mainchesi 20 amaoneka bwino, koma tayala lake ndi lopyapyala m'mbali, dzenje limodzi la pa M5 limatha kuliphulitsa n'kupindanso limu, ndipo lolowa m'malo mwake silipezeka pafupi.

*Zoopsa.* Choopsa chachikulu ndi mafuta oipa. Injini za dizilo zamakono zimapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi ta ma injekita, zipangizo zothira mafuta mu injini. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, wosakanizidwa ndi palafini kapena wokhala ndi madzi, amawononga pampu, tizitsulo take n'kufalikira mpaka ku ma injekita onse asanu ndi limodzi. Chitsimikizo sichilipira zimenezo. Nyali ya madzi mu fyuluta ikayaka, imani pomwepo mukhetse madziwo. Petulo wathu naye amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wochokera ku Dwangwa komweko, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho si wabwino kumusunga miyezi m'chigubu kunyanja kuno.

Chachiwiri ndi thupi lake. Denga, boneti ndi zitseko za Land Cruiser 300 ndi za aluminiyamu. Wowongola galimoto wa pamsika amene amagwira bwino chitsulo sangazikonze monga amachitira ndi Hilux. Pamsewu wodzaza njinga za kabaza, ngolo ndi mbuzi, kugundana pang'ono sikusowa, ndipo nyali imodzi yakutsogolo imagulidwa yathunthu. Makoswe nawonso amakonda kudya mawaya a galimoto yoimikidwa pafupi ndi nkhokwe, ndipo galimoto iyi ili ndi mawaya ambirimbiri.

Inshulansi yoteteza zonse imawerengedwa pa mtengo wa galimoto, choncho chaka chilichonse ndi mamiliyoni. Kwacha ikagwa, kwezani mtengo umene mudalembetsa, chifukwa mukausiya wakale adzakulipirani gawo chabe la zowonongeka. Funsaninso ngati amalipira injini imene yamwa madzi woyendetsa atalowa yekha mumtsinje. Kampani imati galimotoyi imawoloka madzi akuya mamilimita 700, koma amenewo ndi madzi odekha, pansi pake polimba. Madzi othamanga ofika m'mawondo amatha kukankha ngakhale galimoto yaikulu, ndipo mlatho wokwiririka sudziwika ngati ukadalipo.

Njira yachiwiri: Land Cruiser 76 ya nyuwani

Iyi ndi ija ya makona, imene mabungwe ndi zipatala za m'maboma amagwiritsa ntchito. Mlongo wake ndi 78 ya ambulansi ndi 79 ya bokosibode.

*Mtengo.* Ndi yotsikirapo kuposa 300, koma si yotchipa, ndipo injini ya 4.2 imaiika m'gulu la msonkho wokwera. Chimene imapambana nacho ndi tsiku logulitsa: ngakhale itatha zaka khumi, ogula amaifunabe.

*Kupezeka.* Imayitanitsidwa kwa wogulitsa ngati 300. Kuyambira chakumapeto kwa 2023 ikubweranso ndi injini ya 2.8 yofanana ndi ya Hilux, yokhala ndi giya yosintha yokha. Zoyendapo kale zimapezeka mabungwe akamagulitsa katundu wawo, koma zimenezo zimakhala zitagwira ntchito yakalavulagaga.

*Kusamalira.* Injini ya 1HZ ya 4.2 ilibe turbo ndipo pampu yake siyendera kompyuta. Makaniko wodziwa ntchito ku Nkhotakota amaikonza ndi masipanala wamba. Imapirira dizilo wosayera bwino kuposa injini zonse zotchulidwa pano, ngakhale kuti nayonso madzi siifuna. Lamba wa timing asinthidwe pa makilomita 100,000. Girizi wa m'maondo a ekiselo yakutsogolo ndi maberingi a mawilo azionedwa nthawi zonse mvula ikatha. Mukawoloka madzi akuya, tsegulani difu muone oyilo wa m'bokosi la magiya la pakati pa ekiselolo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo asinthidwe tsiku lomwelo.

*Zoopsa.* Mphamvu yake ndi 96 kW basi. Pokwera M14 itadzaza, imafuna kudekha, ndipo kupitirira lole kumafuna msewu wautali wooneka bwino. Kumbuyo ili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, choncho ikakhala yopanda katundu imadumpha, zomwe zimavutitsa okalamba ndi odwala msana. Ndi yaitali komanso yopapatiza, ndipo kukhota mwadzidzidzi pa liwiro lalikulu kungaigubuduze. Giya ya mawilo anayi ndi ya m'dothi mokha. Mukaisiya patala, zitsulo zoyendetsa mawilo zimakokana mpaka china chithyoke. Zina zili ndi mipando isanu, zina khumi.

Njira yachitatu: yaikulu yoyendapo kale, Land Cruiser 200 kapena Prado 150

Ambiri amene amafuna galimoto yaikulu amathera pano, ndipo m'pamene pali mwayi waukulu komanso misampha yambiri.

*Mtengo.* Mtengo umene mumaona pa intaneti kwa ogulitsa a ku Japan si wonse: ngakhale utaphatikiza za sitima, nthawi zambiri umathera pa doko la Dar es Salaam. Powonjezerapo pali ndalama za padoko, za woyendetsa ndi mafuta kudzafika pa chipata cha Songwe, za wothandiza kuwombola katundu, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, kenako ulendo wodutsa Karonga, Chiweta ndi Mzuzu kutsikira ku M5. Msonkho umakweranso ndi zaka za galimoto, moti yakale kwambiri imene imaoneka yotchipa ikhoza kudula pachipata. Pezani chiwerengero cha msonkho cholembedwa musanatumize ndalama. Sunganinso ndalama yapadera ya sevisi yoyamba, chifukwa imakhala yaikulu.

*Kupezeka.* Prado 150, imene idayamba kupangidwa mu 2009, ndi yosavuta kupeza ku Japan komanso m'misika ya galimoto ku Lilongwe. Land Cruiser 200, ya 2007 mpaka 2021, ili ndi chinthu chimene ambiri sachidziwa: zimene zinkagulitsidwa ku Japan zonse zinali za petulo, V8 ya 4.7 kenako 4.6. Ya dizilo ya 4.5 imachokera kwina, monga ku South Africa ndi Australia, kapena kwa munthu amene adaigula kuno. Prado za ku Japan zambiri ndi za petulo ya 2.7, injini yolimba koma yochepa mphamvu pa thupi lotere, ndipo imamwa mafuta ngati yaikulu. Prado zina za ku South Africa zokhala ndi tayala lapadera pachitseko cham'mbuyo zili ndi mathanki awiri a malita 150 pamodzi. Imeneyo ndiyo imathandizadi mafuta akasowa, chifukwa imapitirira makilomita 1,200.

*Kusamalira.* Ikangofika, musakhulupirire zolembedwa. Sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa madifu, mafyuluta onse ndi madzi a radiyeta. Onani matayala: zina za ku Japan zimabwera ndi matayala ofewa a nyengo yachisanu, amene patala wotentha wa October amatha msanga ndipo sagwira bwino buleki.

Injini iliyonse ili ndi matenda ake. Pa 1KD ya 3.0 ya Prado, lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo timawashala ta pansi pa ma injekita tikatha, utsi umalowa mu oyilo n'kupanga phala limene limatseka sefa yokokera oyilo pansi pa injini. Injini imafa ndi njala ya oyilo, mwini wake osaona chizindikiro. Makaniko asinthe timawashalato ndipo asuzumire sefayo pokhetsa oyilo. Pa 1GD ya 2.8 pali tcheni m'malo mwa lamba ndipo imalowa oyilo pafupifupi malita 7.5, koma za ku Japan zili ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi, ndipo zimafuna AdBlue, madzi apadera oyeretsa utsi. AdBlue akatha galimoto imakana kulira, choncho muzisunga chigubu chake kunyumba. DPF imatsekeka mukamangoyenda timaulendo ta m'tauni, ndipo imafuna ulendo wautali patala kuti idziyeretse. Pa V8 ya 1VD ya Land Cruiser 200, alternator ili pansi pomwe matope amafika mosavuta, sitata yabisala pakati pa injini moti kuisintha ndi ntchito ya tsiku lonse, ma injekita ndi asanu ndi atatu, ndipo oyilo ndi malita pafupifupi 9. Chivundikiro cha fyuluta ya mpweya chizitsekedwa bwino, chifukwa fumbi likadutsa limadya turbo.

Pewani mitundu yapamwamba yokhala ndi masipuling'i a mpweya kapena a oyilo okweza ndi kutsitsa galimoto, monga Prado TZ-G kapena Land Cruiser 200 ZX. Zikakalamba zimadontha, galimoto imagwada mbali imodzi, ndipo masipeya ake ndi odikira masabata. Prado TX wamba wa masipuling'i achitsulo ndiye woyenera misewu yathu.

*Zoopsa.* Makilomita obwezedwa m'mbuyo, ngozi yobisika ndi dzimbiri. Pa galimoto ya ku Japan funsani pepala la kumsika wobetcherana. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, pamene R kapena RA ikutanthauza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Lowani pansi ndi tochi mugogode chasisi, makamaka pa zochokera ku UK ndi kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu. Yambitsani injini m'mawa itazizira, muone utsi ndi kumvetsera kugogoda. Yesani giya yotsika ya mawilo anayi, chifukwa pa galimoto imene idakhala m'tauni moyo wake wonse kamota kake kamauma.

Pogula kwa munthu kuno, nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'bulu buku, ndipo mupite limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini musanamalize kulipira. Onetsetsani kuti galimotoyo si chikole cha ngongole ya kubanki. Ina idalowa m'dziko popanda msonkho m'dzina la bungwe kapena munthu wopatsidwa mwayi umenewo, ndipo ikagulitsidwa msonkhowo usanakonzedwe, MRA ikhoza kuigwira ili m'manja mwanu.

Njira yachinayi: yapakatikati, Fortuner ndi zinzake

Toyota Fortuner, Isuzu MU-X, Ford Everest ndi Mitsubishi Pajero Sport zidamangidwa pa chasisi cha bokosibode: Hilux, D-Max, Ranger ndi Triton. Zili ndi mipando isanu ndi iwiri, ndipo za mawilo anayi zili ndi giya yotsika yeniyeni.

*Mtengo.* Fortuner ya nyuwani imadula pafupifupi theka la Land Cruiser 300, mwinanso kuchepera, ndipo injini zake za 2.4 ndi 2.8 zili pansi pa 3,000cc. Inshulansi, matayala ndi mafuta zimatsika limodzi.

*Kupezeka.* Fortuner ya kuno imapangidwira ku Durban, choncho siichokera kutali. Zoyendapo zaka ziwiri kapena zitatu zimapezeka ku Lilongwe komanso ku South Africa. Chenjerani kuti zambiri, makamaka za 2.4, zimayendera mawilo am'mbuyo okha ngakhale zimaoneka zazitali. Onani batani kapena ndodo yolembedwa H4 ndi L4.

*Kusamalira.* Mafyuluta, mabuleki, mabushi ndi maberingi ambiri a Fortuner ndi omwewo a Hilux, ndipo Hilux ili paliponse kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Tayala la 265/65 R17 ndi limodzi mwa osavuta kupeza. Masipeya achinyengo ndiwo ochuluka pamsika, choncho fyuluta ya dizilo ndi ya oyilo muzigula zenizeni ngakhale zidule. M'fumbi ndi kutentha kwa kunyanja, kusintha oyilo pa makilomita 5,000 n'kwanzeru. Everest ya 2.0 ya ma turbo awiri ili ndi lamba wa timing woyenda mkati mwa oyilo, ndipo oyilo wolakwika amamunyenyetsa. Imeneyo imafuna mwini wotsatira buku.

*Zoopsa.* Injini zake zimadana ndi dizilo woipa chimodzimodzi ndi ya 300. Mkati ndi mopapatiza, mipando yam'mbuyo ndi ya ana kapena ulendo waufupi, ndipo pamsewu wa mabampu imagwedeza kuposa Prado. Kukoka boti lolemera mobwerezabwereza kumatenthetsa giyabokosi. Koma pa mchenga ndi makande kupepuka kwake ndi mwayi. Fortuner imawoloka madzi akuya mamilimita 700 omwewo, ndipo ikatitimira, anthu a m'mudzi kapena thirakitala yaing'ono amaitulutsa mosavuta kuposa galimoto yolemera ndi makilogalamu ena 400.

Mawu amodzi okhudza galimoto zonsezi: chimene chimapulumutsa pa mchenga wa ku Senga Bay kapena ku Chia ndi mpweya wa m'matayala. Uchepetseni kufika pa bar 1.2 mpaka 1.5 pa choyezera mpweya, muyende modekha osakhota mwamphamvu, ndipo mupopenso musanakwere patala. Pampu yolumikiza ku batire, fosholo ndi chingwe chokokera zimathandiza kuposa mabatani ambiri a m'galimoto yodula.

Njira yachisanu: kusunga yaing'ono n'kumabwereka yaikulu

*Mtengo* wake ndi wa masiku okhawo amene mwabwereka. *Kupezeka* n'kosavuta ku Lilongwe, koma kunyanja kuno n'kochepa, makamaka nthawi ya Khirisimasi ndi ya dzinja pamene aliyense akuifuna. *Kusamalira* ndi kwa mwini wake. *Choopsa* n'chakuti matenda kapena maliro sapangana tsiku, ndipo usiku wa mvula simungayembekezere galimoto yochokera ku Lilongwe. Werengani masiku amene mudafunadi mawilo anayi chaka chathachi. Akakhala osapitirira khumi ndi asanu, njira iyi ndi yoyenera kuiganizira mofatsa.

Ndani atenge iti

Land Cruiser 300 ya nyuwani ikuyenera munthu kapena kampani yogula ndi ndalama zake, yopanda ngongole, imene galimoto ikaima tsiku limodzi imataya zambiri: malo ogona alendo otenga anthu ku bwalo la ndege la Kamuzu kupita nawo kunyanja kapena ku nkhalango ya Nkhotakota, kapena wokoka ngolo yolemera kawirikawiri. Atenge ya dizilo, ya malimu a 18, ndipo akhale ndi malo odalirika omwetsera mafuta. Patrol ya V8 ndi ya amene amayenda makilomita ochepa pachaka ndipo mtengo wa petulo sumudetsa nkhawa. Kwa woyenda M5 tsiku ndi tsiku, Patrol ndi mtolo wolemetsa.

Mlimi wamkulu, mpingo, chipatala cha mishoni kapena bungwe logwira ntchito m'midzi yakutali dzinja lonse litenge 76 ya 4.2, kapena 79 ngati katundu ndiye wambiri kuposa anthu. Woyendetsa akhale mmodzi wodziwika, wophunzitsidwa za liwiro ndi za giya ya mawilo anayi.

Banja lalikulu loyenda maulendo aatali, lofuna kukhala momasuka koma lopanda mamiliyoni mazanamazana, liyang'ane Prado 150 ya dizilo ya mtundu wamba, yoyesedwa ndi makaniko wawo asanalipire, ndalama ya masipeya itasungidwa pambali. Land Cruiser 200 ya V8 ikhale ya amene ali ndi makaniko woidziwa ku Lilongwe ndipo angathe kugula ma injekita asanu ndi atatu osagulitsa munda.

Wabizinesi kapena wantchito wa pa Salima, Nkhotakota kapena Dwangwa amene maulendo ake ambiri ndi a patala, koma amalowa kumudzi kumapeto kwa sabata ngakhale mvula ikugwa, Fortuner kapena MU-X ya mawilo anayi imukwanira. Ndalama yotsalayo agulire matayala abwino a m'tchire ndi patala pomwe, alipire inshulansi yoteteza zonse, ndipo yotsalabe aisunge ya dizilo wa chaka chamawa.